Mmene mungayesere matsinde a malalanje ndi mandimu ku matenda a utomoni musanamezanitse

Mtengo wa malalanje umene mumagula ku nazale ndi mitengo iwiri yolumikizidwa. Wapamwamba ndi umene umabala zipatso zimene mukufuna, kaya Washington Navel, Valencia kapena manachesi. Wapansi, umene a m'manazale amautcha rootstock, ndiwo uli ndi mizu ndi tsinde lokhudza dothi. Pogula timafunsa za wapamwamba basi. Koma matenda a utomoni akalowa m'munda, chimene chimagamula ngati mtengo ukhala kapena ufa ndi tsinde lapansilo, ndipo pamene mukuzindikira zimenezi mumakhala mwathirira kale mtengowo zaka zinayi kapena zisanu.

Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi nazale yanu, kapena mukufuna kubzala mitengo yambiri ku Makeni, Lusaka West, Chilanga kapena Chongwe, ndipo mukufuna kuona ndi maso anu tsinde limene limapirira pa dothi lanu ndi madzi anu. Ntchitoyi imatenga pafupifupi chaka kuyambira pofesa. Sifuna ndalama zambiri. Imafuna kusamala ndi kulemba.

Yambani mwadziwa chimene mukulimbana nacho

Matendawa amaonekera pa thunthu, pafupi ndi dothi. Khungwa limada, limaoneka lonyowa, kenaka limang'ambika chotsika n'kutulutsa utomoni wofiirira. M'dzinja mvula imautsuka utomoniwo, choncho mutha kudutsa osauona. M'chilimwe umauma n'kumamatira pakhungwa. Mukapala ndi mpeni mupeza kuti mkati mwa khungwa ndi mofiirira, koma mtengo weniweni wamkati sunawole mozama. Chilondacho chimakwera m'mwamba ndi kufalikira m'mbali. Masamba a mbali imeneyo amachita chikasu kuyambira mu mtsempha wapakati, mtengo umachita maluwa ochuluka modabwitsa n'kubereka tizipatso ting'onoting'ono, ndipo chilonda chikazungulira thunthu lonse mtengo umauma.

Choyambitsa chake ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora, makamaka mitundu iwiri, Phytophthora nicotianae imene imakonda kutentha ndi Phytophthora citrophthora imene imachita bwino kukazizirirapo. Ambiri amangoti ndi fangasi, ndipo kamakula ngati fangasi, koma akatswiri amakaika m'gulu lina. Kusiyanaku kuli ndi ntchito pa zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwala ambiri a fangasi sakagwira. Chachiwiri, mbewu zake zimasambira. Dothi likakhuta madzi, timbewu tosaoneka ndi maso timatuluka n'kusambira kupita ku mizu ndi pa mabala a khungwa. N'chifukwa chake matendawa amatsata madzi: beseni lothirira limene limasunga madzi pa tsinde, ngalande yochokera ku mtengo wodwala, malo amene madzi amadikha mu Januwale ndi Febuluwale. Kuno ku Lusaka mvula ya chaka chonse, pafupifupi mamilimita 800, imagwa m'miyezi isanu yokha, ndipo m'madera ena madzi apansi amakwera mpaka pafupi ndi pamwamba. Amene anakhalako ku Kanyama m'dzinja akudziwa zimene ndikunena.

Utomoni wokha si umboni. Mtengo wa malalanje umatha kutulutsa utomoni ukatemedwa ndi khasu, ukapsa ndi moto kapena dzuwa, ndiponso pa matenda ena a nthambi zam'mwamba. Tidzaona kutsogoloku mmene mungatsimikizire.

Matsinde oti muyese

Musaganize kuti pali tsinde limodzi labwino pa zonse. Mbiri ya ulimi wa malalanje ikuonetsa zimenezi. M'zaka za m'ma 1830 matenda omwewa anawononga minda ya malalanje pa zilumba za Azores, kenaka anafalikira m'mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Alimi anapulumukira ku tsinde la malalanje owawasa, sour orange, limene khungwa lake limalimba ku matendawa. Patapita zaka pafupifupi 100, m'ma 1930 ndi 1940, matenda ena a vairasi otchedwa tristeza anapha mitengo mamiliyoni ku Argentina ndi Brazil, ndipo imene inafa ndi yomwe ija yomezanitsidwa pa malalanje owawasa. Tristeza imafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zija zimene zimadzadza pa mphukira zanthete, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno vairasi imeneyi ndi nsabwe zake zilipo kuyambira kale. Choncho ngakhale tsinde la malalanje owawasa litapambana pa mayeso anu, musamezanitsepo malalanje otsekemera kapena manachesi.

Tsinde lofala kwambiri kuno ndi la mandimu a khungu lokhakhala, rough lemon, amene amamera okha m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe ku Zimbabwe ndipo afalikira m'midzi ya chigawo chonse chino. Limakondedwa pa zifukwa zomveka. Mbewu zake sizisowa, limakula msanga, limapirira chilala ndi tristeza, ndipo diso, kamphukira ka mtengo wapamwamba kamene mumamezanitsa, limagwira mosavuta. Koma ku matenda a utomoni ndi lofooka. Ofooka kuposa pamenepo ndi malalanje otsekemera omera kuchokera ku mbewu.

Mbali ina kuli mtengo wa masamba atatuatatu wotchedwa trifoliate orange, umene umalimba kwambiri ku Phytophthora, pamodzi ndi ana ake. Swingle citrumelo inapangidwa ndi Walter Swingle ku Florida mu 1907 pokwatitsa trifoliate ndi grapefruit, ndipo inaperekedwa kwa alimi mu 1974. Troyer ndi Carrizo zinachokera ku trifoliate ndi Washington Navel, pa ntchito imene inachitika ku Riverside, California, mu 1909. Izi ziwiri zimalimbako koma sizifika pa Swingle. Palinso Cleopatra mandarin, yochedwa kukula, ndi Volkameriana imene imathamanga ngati rough lemon.

Mwina mukuti, ngati zonsezi n'zodziwika kale, kuyesa n'kwa chiyani? Pali zifukwa ziwiri zimene ine ndimaziona zazikulu. Mbewu imene mwapatsidwa ndi dzina la Troyer kapena Swingle nthawi zina yadutsa m'manja ambiri, ndipo mitengo ya m'midzi imene tonse timaitcha mandimu si yofanana yonse. Chifukwa china ndi nthaka ya Lusaka. Mbali yaikulu ya mzinda uno, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo, yakhala pa miyala ya laimu. Simenti ya ku Chilanga imachokera ku miyala yomweyo, ndipo zoyera zimene zimakakamira mu ketulo yanu ndi umboni wake m'madzi a m'zitsime zobowola. Trifoliate ndi Swingle sizigwirizana ndi dothi la laimu wambiri. Zimalephera kutenga ayironi, masamba anthete n'kuyera. Tsinde lopambana pa matenda litha kulephera pa dothi, ndipo buku lolembedwa ku Florida silingakuuzeni za munda wanu.

Sankhani mitundu itatu mpaka isanu. Pakati pake pasalephere kukhala umodzi wodziwika kuti ndi wofooka, monga malalanje otsekemera, ndi umodzi wodziwika kuti ndi wolimba, monga Swingle kapena trifoliate. Iwiri imeneyi ndiyo miyeso yanu. Popanda iyo simungadziwe ngati chilonda cha mamilimita 20 ndi chachikulu kapena chaching'ono. Ndipo musabweretse mbande kapena timitengo ta maso kuchokera kunja kwa dziko mozembetsa m'chikwama. Njira imeneyo ndiyo imalowetsa matenda atsopano. Za chilolezo kafunseni ku Mount Makulu ku Chilanga, kumene kuli likulu la ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi.

Kufesa ndi kulera mbande

Thyolani zipatso zakupsa kumtengo, osati zotola pansi, chifukwa zogwa zimakhala zitakhudza kale dothi la matenda. Chekani mozungulira khungu lokha n'kupotokola kuti musadule mbewu. Tsukani mbewuzo mpaka kuterera kuthe, tayani zoyandama ndi zopwapwala, kenaka muziviike m'madzi otentha madigiri 52 kwa mphindi 10. Pamenepa pakufunika choyezera kutentha, musayerekeze ndi chala. Ziumitseni pang'ono pamthunzi ndipo mufese m'masiku ochepa. Mbewu za malalanje ndi mandimu zikauma kwambiri padzuwa sizimera.

Dothi lofesera likhale lopanda matenda. Sakanizani mchenga wa kumtsinje, dothi la pamwamba lochokera kumene sikunabzalidwepo malalanje, ndi manyowa owolerana bwino. Litenthetseni ndi nthunzi mu mgolo, lifike madigiri 70 mkati mwake kwa theka la ola. Machubu muwaike pa thandala lokwera, kapena pa njerwa ndi miyala, kuti asakhudze pansi ndipo madzi ochokera m'chubu china asalowe m'chinzake.

Mudzaona kuti mbewu imodzi ikutulutsa mbande ziwiri kapena zitatu. Zimenezi n'zachibadwa ku mitengo imeneyi, ndipo zambiri mwa mbandezo zimafanana ndendende ndi mayi wake. Zochepa zimakhala zosiyana: zina zonyentchera, zina zothamanga kwambiri, zina masamba achilendo. Zosiyanazo zulani, pamodzi ndi zonse za muzu wopindika. Mukufuna mbande zofanana, zosachepera 30 pa mtundu uliwonse, kuti zikwanire mayeso a khungwa ndi a mizu.

Dikirani mpaka tsinde likule ngati pensulo, mamilimita 6 mpaka 8, zimene zimatenga miyezi 8 mpaka 12. Rough lemon ndi Volkameriana zimafika msanga, Cleopatra imachedwa, choncho yambani kufesa yochedwayo. Konzani nthawi kuti mayeso agwe pakati pa Novembala ndi Febuluwale, pamene kukutentha, mpweya uli ndi chinyontho ndipo khungwa likusendeka mosavuta. Mu Juni ndi Julayi mbande zimakhala zitaima, kachilombo nako kamachedwa, ndipo ngakhale tsinde lofooka limaoneka ngati lolimba. Kwa miyezi iwiri musanayese musapopere mankhwala a kopa, metalaxyl kapena a mtundu wa phosphonate, chifukwa mukatero mudzayesa mankhwala m'malo mwa tsinde.

Kupeza kachilombo

Njira yabwino koposa ndi kupita ndi khungwa ndi dothi la mtengo wodwala ku labotale ya matenda a zomera, monga ku Mount Makulu kapena ku sukulu ya zaulimi ya pa yunivesite ya Zambia, UNZA, n'kupempha kuti akuyezereni. Ngati angathe kukulimirani kachilomboko pakokha m'kambale, zotsatira zanu zidzakhala zodalirika kwambiri. Khungwa lopita nalo lidulidwe m'mphepete mwa chilonda, pamene pofiirira pakumana ndi pamoyo, ndipo lifike tsiku lomwelo lisanaume. Lapakati pa chilonda ndi lakufa kale ndipo mwadzaza tizilombo tina.

Ngati zimenezo sizitheka, mutha kukakola nokha ndi ndimu. Kumbani dothi pansi pa mtengo wodwala, masentimita 5 mpaka 20 kuya kwake, pamodzi ndi timizu tating'ono, pamalo anayi kapena asanu kuzungulira mtengowo. Liyalani mu beseni lochindikala masentimita atatu, thirani madzi mpaka apitirire dothi ndi masentimita awiri kapena atatu. Madziwo akhale a mvula otungidwa mwaukhondo, kapena owiritsa n'kuzizira. A pampopi amene ali ndi kolorini amapha timbewu tosambira tija. Tengani mandimu okhwima koma asanapse kwenikweni, opanda bala, othyola m'mwamba mwa mtengo wosapoperedwa mankhwala. Atsukeni n'kuwaika mu beseni kuti theka likhale m'madzi. Pambali konzani beseni lachiwiri chimodzimodzi koma la dothi lanu lotenthetsa lija.

Pakatha masiku awiri achotseni, atsukeni ndi madzi oyera, muwaike m'pepala la pulasitiki momwe muli kansalu konyowa, pamthunzi. M'masiku atatu mpaka asanu ndi limodzi, ngati kachilomboko kalimo, pa mzere pamene panalekezera madzi padzatuluka mawanga ofiirira mowala. Agwireni. Kuwola kwa Phytophthora kumakhala kolimba, khungu limakhala ngati chikopa, silibonyoka, ndipo kuli ndi fungo lakelake lolasa m'mphuno. Ndimu likafewa n'kumatuluka madzi, kapena likamera chuku chobiriwira kapena chabuluu, amenewo ndi matenda ena, litayeni. Mandimu a m'beseni lachiwiri ayenera kukhala oyera. Akawola nawonso, penapake ukhondo unasokonekera ndipo muyambirenso.

Mayeso a pakhungwa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho musapupulume. Sankhani malo otalikirana ndi nazale yanu ndi munda wanu, kumunsi kwake, pamthunzi wopepuka, pamene nkhuku ndi ana safika. Pa mtundu uliwonse tengani mbande 15. Khumi mudzaziika kachilombo, zisanu mudzangozicheka popanda kachilombo. Zisanuzo zimakuuzani kukula kwa chipsera cha mpeni wokha, chifukwa bala lililonse limada pang'ono m'mphepete.

Lembani nambala pa chubu chilichonse, ndipo m'kabuku mulembe kuti nambala yakuti ndi mtundu wakuti. Musandandalike mtundu umodzi pamodzi. Lembani manambala pa timapepala, sakanizani m'chipewa, ndipo muike machubu motsata mmene timapepalato tikutulukira. Mukaika Swingle yonse kumbali yowomba mphepo ndi rough lemon yonse pakona yachinyontho, simudzadziwa ngati kusiyana kwabwera ndi mtundu kapena ndi malo.

Pukutani tsinde ndi thonje loviika mu spiriti, masentimita 10 kuchokera pa dothi. Ndi leza watsopano kapena mpeni womezanitsira chekani kachitseko pakhungwa, mamilimita 5 m'lifupi ndi 10 m'litali, mbali zitatu zokha, kuti kakhale kolendewera. Kakwezeni mpaka muone poyera poterera pansi pake, koma musaleme mtengo wamkati. Pa ndimu lowola lija dulani kachidutswa ka khungu ka mamilimita 4 mbali zonse, kuchokera m'mphepete mwa banga pamene kuwola kukuyenda. Kalowetseni pansi pa kachitseko, tsekani, ikani thonje lonyowa ndi madzi owiritsa, kulungani ndi pulasitiki yomezanitsira, ndipo pamwamba mukulunge pepala loyera kuti dzuwa lisatenthe balalo. Pa mbande zisanu zija ikani kachidutswa ka ndimu labwinobwino, ndipo muyambe ndi zimenezo manja ndi mpeni zisanakhudze zowola.

Munthu mmodzi acheke mbande zonse, tsiku limodzi, kukula kwa bala kofanana. Tizidutswa tichokere pa mandimu owola mofanana. Pukutani mpeni ndi spiriti mukamaliza mbande iliyonse. Zinthu zazing'onozi ndi zimene zimasiyanitsa mayeso enieni ndi kungoononga mbande.

Thirirani pa dothi, osati pa bala. Pakatha sabata masulani pepala n'kuona ngati thonje likadali lonyowa, ndipo ngati lauma lidonthezereni madzi owiritsa. Pakatha masabata atatu yang'anani mtundu wofooka uja. Ngati zilonda zake zatuluka kunja kwa pulasitiki, nthawi yoyeza yakwana. Ngati zikadali zazing'ono, onjezerani sabata imodzi.

Kuyeza

Musayeze utomoni. Mbande ina imatulutsa utomoni wambiri chilonda chili chaching'ono, ina imakhala youma kunja pamene mkati matenda apita patali. Masulani zonse, ndipo ndi mpeni palani khungwa lakunja pang'onopang'ono kukwera ndi kutsika kuchokera pa bala, mpaka mutafika pamene kufiirira kwathera ndipo pobiriwira payamba. Ikani rula, lembani utali wonse m'mamilimita. Lembaninso kuti chilonda chazungulira gawo lanji la tsinde, kaya kotala, theka kapena lonse, chifukwa chimene chimapha mtengo ndi kuzungulirako. Onaninso m'mphepete mwa chilonda. Ngati pali mnofu watsopano wotukuka umene ukutseka bala, ndiye kuti mbandeyo yaimitsa matenda. Ngati m'mphepete muli monyowa ndipo simukuoneka polekezera penipeni, matenda akuyendabe.

Ndi bwino kuti woyeza akhale munthu wina amene sanaone kabuku ka manambala. Tonse tili ndi tsinde limene timalikonda mumtima, ndipo dzanja limatha kufupikitsa muyeso osadziwa.

Phatikizani miyeso khumi ya mtundu umodzi, gawani ndi 10, kenaka chotsanipo avereji ya mbande zisanu zopanda kachilombo. Tiyerekeze kuti khumi zija zapereka avereji ya mamilimita 38, ndipo zisanu zija zapereka 12. Ndiye kuti matenda ayenda mamilimita 26. Chitani chimodzimodzi pa mitundu yonse, muindandalike kuyambira waung'ono.

Musanakhulupirire manambalawo, yang'anani mitundu yanu iwiri ija, wofooka ndi wolimba. Ngati malalanje otsekemera sanadwale, mayeso alephera, mwina kachilombo kanali kofooka, bala linauma kapena kunazizira. Musanene kuti mitundu yonse ndi yolimba. Ngati nayo Swingle yawola kwambiri ngati inzake, kayikirani ngati ndi Swingle yeniyeni, kapena ngati chimene munaika ndi Phytophthora. Yang'ananinso miyeso payokhapayokha. Mtundu umene mbande zake zonse zili pakati pa 15 ndi 20 ndi wodalirika kuposa umene zina zili 8 zina 45, ngakhale avereji itafanana. Kubalalika kotere kawirikawiri kumasonyeza kuti mbewu zinali zosakanikirana. Ndipo mitundu iwiri ikasiyana ndi mamilimita awiri kapena atatu okha, itengeni kuti ndi yofanana.

Mizu nayo iyesedwe

Kulimba kwa khungwa ndi kulimba kwa mizu si chinthu chimodzi. Pali matsinde amene khungwa lake limakana matenda koma timizu take todyera timawola m'dothi lonyowa. Mtengo wotere sutulutsa utomoni, umangofooka, masamba n'kuchepa, zipatso n'kuchepa, mwini wake n'kumathira feteleza osaona kusintha.

Tengani mbande 15 zotsala pa mtundu uliwonse. Khumi muziokere m'machubu a dothi losakaniza, gawo limodzi la dothi lodwala lija pa magawo anayi a dothi lotenthetsa. Zisanu muziokere m'dothi lotenthetsa lokha. Pakatha masabata awiri mizu itagwira, imikani chubu chilichonse m'chidebe cha madzi ofika pamwamba pa dothi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka chotsani kuti madzi atsike. Bwerezani masabata awiri aliwonse kwa miyezi itatu. Zopanda kachilombo nazo muzizimiza chimodzimodzi, koma m'zidebe zawozawo, chifukwa madzi okha amavulaza mizu ya malalanje ndipo muyenera kudziwa gawo la madzi ndi gawo la matenda.

Pomaliza ng'ambani chubu, tsukani mizu mofatsa m'beseni. Timizu tamoyo ndi toyera kapena tachikasu pang'ono ndipo ndi tolimba. Towola ndi tofiirira, ndipo mukatikoka pakati pa zala khungu lake limavuka ngati la nyemba zoviika zokonzera chipere, n'kutsala kaulusi koyera pakati. Perekani malikisi kuyambira 1, mizu yonse yamoyo, mpaka 5, pafupifupi yonse yawola. Chofunika kwambiri kuchiona ndi timizu tatsopano toyera tophuka pamwamba pa powola. Tsinde lotha kuphukitsa mizu yatsopano matenda ali pomwepo ndilo limapirira m'munda, ndipo khalidwe limeneli ndi limene trifoliate ndi Swingle zimadziwika nalo.

Za laimu, tengani dothi louma la m'munda mwanu, la pamwamba ndi la pansi pa theka la mita, mudonthezere viniga. Likachita thovu, laimu ndi wambiri. Zikatero lerani mbande zina zisanu za mtundu uliwonse m'dothi la m'munda momwemo, lotenthetsa, n'kumathirira madzi a chitsime chanu. Mukaona masamba anthete akuyera mitsempha ili yobiriwira, tsinde limenelo lidzakuvutani, ngakhale lapambana pa utomoni. Cleopatra, Volkameriana ndi rough lemon zimapirira laimu kuposa trifoliate ndi Swingle. Muyeso weniweni wa pH, umene umasonyeza ngati dothi ndi lowawasa kapena la laimu, mutha kuupeza potumiza dothi ku labotale.

Kutaya zotsala

Mwalera matenda mwadala, tsono musawasiye ayende. Mbande zonse zimene munaika kachilombo, ngakhale zooneka zamoyo, ziumitseni n'kuziwotcha pamodzi ndi mandimu ndi thonje. Musabzale ngakhale imodzi, ndipo musapatse mnansi. Dothi litenthetseninso mu mgolo. Madzi a m'zidebe ndi a m'mabeseni thiranimo Jik, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, agone usiku, kenaka muwathire m'dzenje lakutali ndi mitengo, ngalande ndi chitsime. Zidebe, mipeni ndi pansi pa nsapato zitsukidwe ndi Jik yemweyo, ndipo mipeni muipake mafuta kuti isachite dzimbiri.

Mukapeza tsinde lopambana

Mayeso a chaka chimodzi pa mbande zazing'ono amakuthandizani kuchotsa ofooka. Sakuuzani zonse za mtengo wa zaka 15. Bwerezani dzinja lotsatira ndi dothi lochokera pansi pa mtengo wina wodwala, ndipo pa munda musabzale tsinde limodzi lokha. Awiri opambana muwagawire mizere, lolimba kwambiri ku matenda kumunsi konyowa, lopirira laimu ndi chilala kumtunda kwa miyala, ndipo mujambule mapu a mizereyo m'kabuku komwe kaja.

Kumbukirani kuti mbali yapamwamba ya mtengo, malalanje otsekemera ndi mandimu, ndi yofooka ku matendawa ngakhale tsinde lili lolimba chotani. Choncho mezanitsani diso pamwamba, masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa dothi, kuti madontho a mvula othovukira m'mwamba ndi matope asafike pa mfundo, pamene diso lalumikizana ndi tsinde. Pobzala, dothi lilekezere pomwe linalekezera m'chubu, ndipo pamalo osunga madzi bzalani pa mthumbira. Beseni lothirira likhale ndi kamzere kamkati kotchinga madzi kuti asakhudze thunthu. Udzu wophimbira ndi manyowa zitalikire thunthu, dothi limene chiswe chamata pakhungwa muzilichotsa, ndipo pafupi ndi tsinde muzizula udzu ndi manja, osati khasu.

Pali zinthu ziwiri za banja la trifoliate zoti muzidziwe musanagule maso. Mandimu a Eureka sagwirizana ndi trifoliate, Troyer, Carrizo ndi Swingle. Mtengo umayamba bwino, kenaka patapita zaka zingapo mfundo imafooka ndipo mtengo umabwerera m'mbuyo, choncho a Eureka apezereni tsinde lina. Chachiwiri, trifoliate, Troyer ndi Carrizo zimadwala exocortis, matenda obwera ndi maso odwala ndi mipeni yosatsuka, amene amasenda khungwa la tsinde ndi kupinimbiritsa mtengo. Pa rough lemon matendawa sasonyeza zizindikiro, ndiye mtengo wooneka wathanzi wa mnansi utha kukhala nawo. Maso omezanitsa pa matsinde amenewa achokere ku mitengo yoyezedwa, ndipo mpeni uziviikidwa mu Jik pochoka pa mtengo wina kupita pa wina, chifukwa spiriti sapha exocortis.